Linga lopanda mbumba

Amayi anakana kulowa

Nditachira, amayi anabwera ku Northampton, kuno ku England, kudzalera mdzukulu wawo. Amene munaitanitsapo kholo kuno mukudziwa mmene zimayendera. Masabata oyamba ndi chimwemwe chokhachokha, kenako nyumba imayamba kuwathina. Munthu wozolowera kudzuka m'bandakucha n'kutola khasu, kuno akungoyang'anizana ndi khoma komanso TV yolankhula zomwe sakuzimva. Anayamba kudandaula mawondo, kenako msana, kenako tulo. Kunja kutayamba kufundako, ndinaona kuti mankhwala ake ndi kuyenda, ndipo tinayamba kumatuluka masana kukapanda mvula.

Za kangolo kokankhira mwana iwo sankafuna n'kumva komwe. Ankam'bereka kumbuyo, chitenje pamwamba pa chijasi, azungu n'kumacheuka. Tinkakonda kupita ku Hunsbury Hill, paki ya pachitunda yomwe ili makilomita pafupifupi 3 kumwera chakumadzulo kuchokera pakati pa tauni. Pali mitengo, pali posewerera ana, palinso kanjanji kakale ndi timasitima ta makedzana tomwe anthu okonda zimenezo amatisamalira. Pamwamba penipeni pali bwalo la udzu lozunguliridwa ndi chimtumbira cha dothi, ndipo kunja kwa mtumbirawo kuli chingalande chakuya, zonsezo zitamera mitengo ikuluikulu. Mtumbirawo unaduka malo angapo, ndipo anthu amalowera pamenepo kukakhala pa udzu kapena kukaponyera agalu awo timipira.

Tsiku loyamba kufika nawo pamwambapo, amayi anangoima pampata. Ine n'kuti nditalowa kale, ndikuyang'ana pokhala.

"Iwe, kodi muno mumangolowa chilowelowe?"

"Ndi paki, amayi. Aliyense amalowa."

Sanandiyankhe. Anabwerera m'mbuyo n'kuyamba kuyenda m'mphepete mwa ngalandeyo pang'onopang'ono, akuyang'ana pansi, kenako m'mwamba. Atayenda kamtunda anandikodola.

"Ili ndi linga ili. Munali mudzi muno. Taona, dothi lomwe analikumba umu ndi lomwe analiunjika apo. Wobwera ndi nthungo ayambe watsikira m'dzenje, ndiye pokwera apo eni mudzi am'peza ali wefuwefu."

Amayi sukulu anailekeza Sitandade 4, ndipo Chingerezi chawo chimathera pa moni. Koma nditatulutsa foni n'kufufuza, zinali momwemo ndithu: linga la anthu a nyengo yomwe akatswiri amaitcha Iron Age, lomangidwa pakati pa zaka za m'ma 600 ndi za m'ma 300 Khristu asanabadwe, Aroma asanaponde dziko lino.

Kwathu ndi ku Dedza, kufupi ndi Chongoni. Agogo awo ankawasimbira zomwe nawonso anamva kwa amayi awo, za masiku a nkhondo za Angoni a Chikuse, pamene anthu ankasiya midzi ya m'chigwa n'kukakhala pamapiri ndi m'mapanga, ena n'kuzinga midzi yawo ndi malinga. Nkhani zomwezo nanenso ndinazimva ndili mwana, koma kwa ine zinatsala nthano za madzulo. Kwa amayi zinali zinthu zoti maso akhoza kuzizindikira akaziona, ngakhale pachilumba cha azungu.

Anabwerera pampata paja, n'kuwerama pang'ono mwana ali kumsana, n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Odi eni mudzi, ndife alendo, tikungodutsa." Bambo wina wa galu anatiyang'ana kenako n'kuyang'ana kumbali. Apo m'pamene analowa.

Sitinakhalitse. Tinamva mfuu, ndipo anyamata angapo a panjinga anatulukira pamwamba pa mtumbira n'kutsetsereka chamutu kulowa m'ngalande, kukwera tsidya linalo, kubwereranso. Pomwe ankadutsapo panali patasanduka kale kanjira kofiira kopanda ndi udzu womwe, mizu ya mitengo ili pamtunda, dothi likugumuka tayala lililonse likadutsa.

"Ana a yani awa?"

"Kaya, amayi. A m'nyumba zozungulira zino."

"Nanga eni malo ano ali kuti? Mbumba yawo inapita kuti?"

Ndinawafotokozera kuti palibe amene amadziwa ngakhale dzina limodzi la anthu amene ankakhala muno. Sankalemba. Mwina zidzukulu zawo zilipo, mwina ndi anyamata a panjingawo, koma palibe banja lomwe lingaime n'kunena kuti pano ndi pa agogo athu.

"Ndiye kuti ndi amasiye malo ano," anatero. "Wamasiye aliyense amam'gogoda pamutu podutsa."

Ine ndi kunyada kwanga kwa munthu wokhalitsa kuno ndinati, "Ayi amayi, kuno kuli boma. Malo ano ali m'kaundula. Akalemba kuti pano musakhudze, sakhudzadi."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kanjira kofiira kaja.

"Bomalo limagona pano?"

Mphero zoposa 150

Usiku wa mayi woyamwitsa ndi wautali, ndipo funso limenelo silinandichoke m'mutu. Dzanja lina mwana, dzanja lina foni, ndinayamba kuwerenga za chitunda chathuchi.

M'kati mwa lingali ndi maekala pafupifupi 4. Anthu akale a m'tauni muno ankalitcha Danes Camp, poganiza kuti analimanga ndi ankhondo a ku Denmark, ndipo mpaka lero msewu waukulu wodutsa chakufupi ndi Danes Camp Way. Koma a ku Denmark aja anafika kuno patapita zaka zoposa 1,000 lingali litamangidwa kale. Eni ake enieni anaiwalika mpaka malo awo kutchedwa dzina la alendo.

Si lokhali. Mu 2017 akatswiri a m'mayunivesite a Oxford, Edinburgh ndi Cork anatulutsa kaundula wa pa intaneti wa malinga otere 4,147 m'dziko la Britain ndi Ireland. Ena ndi ang'onoang'ono, ena ndi zimphona ngati Maiden Castle ku Dorset, lomwe ndi la maekala 47. Za ntchito yake akatswiri sagwirizana kwenikweni. Ena amati anali othawirako nkhondo, ena amati anali osungirako chakudya ndi ochitirako misonkhano, ena amati mitumbira ikuluikuluyo inali yoonetsera mphamvu kwa oyandikana nawo. Nditawauza amayi zimenezi anati munthu sakumba dzenje lakuya chotero pofuna kungodzionetsera, pokhapokha ngati anaonapo mudzi ukuyaka. Sindinatsutsane nawo.

Chomwe chinawagwira mtima ndi zomwe zinapezeka pansi pa udzu tinakhalapo uja. Munali maenje pafupifupi 300, ndipo m'menemo munatuluka zida ndi zipangizo zachitsulo, zokolekera zovala zamkuwa, mbiya, magalasi, ndi mphero zoposa 150. Zonsezo zinapita ku nyumba yosungira zinthu zakale ya tauni ino.

Maenje otere ambiri anali nkhokwe za pansi. Ankathiramo tirigu n'kumata pamwamba ndi dongo kuti mpweya usalowe. Njere za m'mphepete, zokhudzana ndi chinyontho, zimayamba kumera n'kumaliza mpweya wabwino wonse womwe watsala m'dzenjemo, ndipo zikatero zotsalazo zimangogona osamera, osawola, mpaka tsiku lotsegula. Katswiri wina, Peter Reynolds, anaziyesa yekha zimenezi pa famu ya Butser ku Hampshire m'zaka za m'ma 1970, tirigu n'kutuluka wabwinobwino. Amayi sanadabwe. "Nkhokwe ya pabwalo mdani amaiona ali patali. Ya pansi ayambe waipeza."

Kenako ndinawaonetsa chithunzi cha mphero ya mtundu wa ku Hunsbury. Si yogwada n'kumakankha mwana wa mphero kutsogolo ndi m'mbuyo ngati yomwe ankaperera mawere kwathu. Iyi ndi miyala iwiri yozungulira yosanjikizana. Wapamwambawo ndi wotumphuka, uli ndi chibowo pakati chothiramo njere, ndi kabowo kena m'mbali kolowetsamo mtengo wogwirira pozunguza. Ufa umatulukira m'mphepete. Anachikulitsa chithunzicho ndi zala, monga ndinawaphunzitsira, n'kuchiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Awa anali ochenjera, msana sankathyoka nawo. Koma iwe, mphero 150 ndi azimayi angati amenewo?"

Kuyambira tsiku limenelo sindinathenso kuliona bwalo lija ngati kapinga. Ndinkaona azimayi atakhala pakhomo, ufa uli m'manja, ana akulira, wina akubwereka moto.

Pepala linafika okumba ali m'kati

Koma kodi maenje 300 aja anapezeka bwanji? Apa ndiye pomwe ndinayenera kuwabweretsera amayi nkhani yosakoma, chifukwa amene anawapeza sanali akatswiri ofukula zakale. Anali anthu a ganyu okumba miyala ya chitsulo.

Pansi pa chitundachi pali mwala womwe akaung'anja umatulutsa chitsulo. Kuyambira cha m'ma 1880 mpaka 1886, okumba analowa m'kati mwenimweni mwa linga, n'kumachotsa dothi lapamwamba, kutenga mwalawo, n'kubwezeretsa dothilo. Mtumbira wozungulira wambiri anausiya, koma m'kati anakokolola pafupifupi monse. N'chifukwa chake bwalo lija lero ndi lotsika kuposa mmene linalili, ndipo kanjanji kakale kaja ndi chikumbutso cha ntchito yomweyo. Munthu wina wa m'derali wokonda zakale, Sir Henry Dryden, anayesetsa kulemba ndi kupulumutsa zomwe akanatha. Zinthu zinapulumuka, koma chomwe akatswiri amachifuna kwambiri, kudziwa kuti ichi chinali pati, pamwamba pa chiyani, pafupi ndi nyumba iti, chinapita ndi mafosholo.

Tsono taonani zaka. Lamulo loyamba loteteza malo akale m'dziko muno linakhazikitsidwa mu 1882. Linali ndi mndandanda wa malo 68 a ku Britain ndi Ireland, momwe munali Stonehenge, Avebury, Old Sarum, ndipo munalinso Danes Camp yathuyi. Inde, linga la Hunsbury linali m'gulu loyambirira lenileni kulembedwa kuti ndi chuma cha dziko, ndipo okumba anapitiriza kulikumba kwa zaka zina zingapo dzina lake lili papepala la ku nyumba ya malamulo.

Zinatheka chifukwa lamulolo linabadwa lopanda mano. Amene analimenyera nkhondo ndi Sir John Lubbock, mkulu wa banki komanso phungu, yemwe anayamba kulibweretsa m'nyumba ya malamulo mu 1873. Ndi yemweyo amene anatipatsa maholide a bank holiday kudzera m'lamulo la 1871, choncho nonse okonda kuwotcha nyama Lolemba lomaliza la August muzimukumbukirako. Chaka ndi chaka aphungu anzake, ambiri a iwo eni minda ikuluikulu, ankalikana ponena kuti boma lisalowerere pa malo a munthu. Pomwe linkadutsa n'kuti atalisenda kwambiri. Wowononga malo a pamndandanda akanatha kulipitsidwa mapaundi 5 kapena kukhala m'ndende mwezi umodzi, koma mwini malo chilangocho sichinkamukhudza pokhapokha ngati iye mwini, mwa kufuna kwake, anapereka malowo m'manja mwa boma. Woyang'anira woyamba, General Pitt Rivers, yemwe anayamba ntchito mu 1883, ankangoyenda kwa eni malo kukapempha. Lubbock mwiniwake ankadziwa kuti njira yodalirika ndi ya m'thumba: anagula yekha malo ena ku Avebury ndi chitunda cha Silbury kuti asamangidwepo.

Mano anayamba kumera mu 1913, pomwe boma linapatsidwa mphamvu yoletsa mwini malo kuwononga. Chomwe chinawadzutsa aphungu si linga la dothi ayi. Inali nyumba yachifumu ya njerwa, Tattershall Castle, yomwe mu 1911 anaigulitsa ndipo malo ake owotherapo moto osemedwa mokongola anazulidwa kuti akagulitsidwe kwina, mpaka Lord Curzon kulowererapo n'kuwabweza. Mudzi wa azimayi a mphero unalibe wowulirira chotero. Ngakhale pambuyo pake, ku Penmaenmawr kumpoto kwa Wales, linga lalikulu lamiyala la Braich-y-Dinas linadyedwa lonse ndi kwale, pamodzi ndi nsonga ya phiri lomwe linakhalapo.

Nditawerengera zaka ndinazindikira chinthu chomwe chinandiziziritsa nkhongono. Nthawi yomwe anthu a ganyu ankakokolola Hunsbury ndi nthawi yomweyo Chikuse ankalamulira Angoni kwathu. Kuno linga linali litasanduka mgodi, kwathu makolo a amayi n'kuti akugona pamapiri chifukwa cha mantha enieni. N'chifukwa chake iwo analizindikira msanga kuposa anthu obadwira pafupi nalo.

Nditawafotokozera zonsezi amayi anangoti, "Ndinakufunsa ine." Anapitiriza kupukusa phala.

Zomwe zimadya linga mwakachetechete

Kunena chilungamo, lamulo la lero si la 1882. Lomwe likugwira ntchito ku England ndi la 1979, ndipo limaluma. Malo pafupifupi 20,000 ali pamndandanda, ndipo ngakhale uli mwini wake sungakumbepo, kumangapo kapena kugwetsapo kanthu popanda chilolezo cholembedwa, chomwe chimadzera ku bungwe la Historic England. Kuyendapo ndi makina ofufuzira zitsulo pansi popanda chilolezo ndi mlandu. Kampani itati ibwere lero ndi zigalimoto zokumbira pa Hunsbury, isanafike patali ikhala ili kukhoti.

Koma tayala la njinga silipempha chilolezo. Muzu wa mtengo nawonso sulemba kalata. Ine ndinkaona ngati mitengo ya pamtumbira ndi yomwe ikuugwira kuti usagumuke, ndipo amayi nawonso ankaikonda chifukwa inkawakumbutsa nkhalango za kumanda. Koma kwa osamalira malinga mtengo waukulu ndi vuto. Mizu imasokoneza zomwe zili pansi, mthunzi umapha udzu n'kusiya dothi pamtetete, ndipo mphepo ikaugwetsa umazuka ndi chigawo chonse cha mtumbira. Chomwe amachifuna pa linga ndi udzu waufupi wokhuthala, n'chifukwa chake malinga osamalidwa bwino mumawapeza ali ndi nkhosa.

Palinso akalulu. Mukayenda m'ngalande ya Hunsbury n'kuyang'ana m'mbali muona mauna awo, kadothi katsopano kataunjikana pakhomo. M'malinga ena muli kanyama kotchedwa badger, kofananako ndi chiuli, komwe kamakumba zimauna zazikulu. Nako kali ndi lamulo lake la 1992 lokateteza, moti wotetezedwa wina amakumba wotetezedwa mnzake, akuluakulu a boma n'kumalemberana makalata kuti achite bwanji.

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri ndi pulawo. Malinga ambiri ali m'minda ya anthu, ndipo lamulo limalola mlimi kupitiriza kulima monga ankalimira kale, bola asazamitse kuposa pamenepo. Chaka chilichonse thalakitala imasendako pang'ono, mvula n'kutenga dothi, chaka chamawa n'kusendanso. Palibe tsiku lomwe mungaloze kuti linga linawonongeka lero. Historic England imatulutsa chaka ndi chaka mndandanda wa malo omwe ali pangozi, ndipo kulima, tchire ndi nyama zokumba zimabwerezedwabwerezedwa pamenepo.

Apa ndi pomwe ndinaona kuti funso la amayi linali lolunjika kuposa mmene ndinalimvera poyamba. Lamulo limadziwa kuletsa chinthu chachikulu chochitika kamodzi. Zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku zimafuna munthu amene amadutsapo m'mawa uliwonse, woti akaona kanjira katsopano mtima umupweteke.

Abale ochita kudzipereka

Amayi anali ndi chitsanzo chawo, ndipo ankachibwereza. Kwathu mukayenda pa msewu wa M1 n'kuona kachitsamba ka mitengo yachilengedwe pakati pa minda yoyera mbee, simufunsa: amenewo ndi manda. Mitengo ina yonse inapita ku makala ndi ku zigafa za fodya, koma pamenepo palibe amene amalowa ndi nkhwangwa osauza amfumu. Palibe mpanda, palibe chikwangwani. Pali eni ake basi, ndiponso mantha.

Ine ndinawayankha kuti si zonse kwathu zomwe zili ndi mwayi umenewo. Zojambula za m'mapanga a Chongoni zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, malo 127, komabe m'mapanga ena mumapeza maina a anthu atalembedwa ndi makala pambali pa zojambula za Akafula. Iwo anavomera, n'kunena kuti n'chimodzimodzi: Akafula nawonso mbumba yawo ili kuti?

Tsiku lina Loweruka tinakumana ndi kagulu ka anthu m'ngalande muja, ambiri a imvi, atavala magolovesi, akudula zitsamba ndi minga n'kumaziunjika pambali. Sanali a khonsolo. Anali anthu a m'nyumba zozungulira pakiyo, odzipereka okha, opanda malipiro. Mayi wina wachikulire anasiya chodulira chake kudzaona mwana kumsana kwa amayi, ndipo ine ndinakhala womasulira. Amayi anati ndimufunse ngati anthu a m'lingali anali makolo ake. Mayiyo anaseka, n'kunena kuti iye anabadwira ku London, ndipo anasamukira kuno pomwe nyumbazi zinkamangidwa. Zoonadi, Northampton anaikulitsa dala kuyambira 1968 kuti ilandire anthu ochokera ku London, ndipo dera lonse lozungulira chitundachi ndi la nthawi imeneyo.

"Ndiye akuvutikiranji?" anafunsa amayi.

Mayiyo anati akapanda iwo, ndani?

Pobwerera kunyumba amayi anali chete. Tili pafupi kufika anati, "Aja ndiye alera." Sanaonjezerepo kanthu, ndipo nanenso sindinafunse. Miyezi 6 ya viza yawo itatha anabwerera ku Dedza, ndipo mpaka pano tikamalankhula pa WhatsApp amafunsa za mwana, za abambo ake, kenako za "mudzi uja wa pamwamba".

Nyumba za ku Oswestry

Nkhaniyi ikanathera pamenepo ikanakhala yokoma. Koma olera malo nawonso ndi anthu, ndipo ali ndi nyumba zawo kale.

Amayi atapita, matenda a malinga anali atandigwira. Pa holide ina ndinawanyengerera amuna anga kuti tipite ku Old Oswestry, ku Shropshire, kufupi ndi malire a Wales. Kumeneko ndiye mumaona chomwe Hunsbury akanakhala. Phiri lonse analisema mizere, mtumbira pamwamba pa mtumbira, ndipo mbali ya kumadzulo, komwe kuli khomo lalikulu, mitumbirayo imafika 7. Mumakwera pakati pawo ngati mmene ankakwerera eni ake, mbali zonse ziwiri dothi litakutalikirani, ndipo mukafika pamwamba mumaona mapiri a Wales mbali ina, chigwa cha Shropshire mbali inayo. Anthu anakhalapo kuyambira cha m'ma 800 Khristu asanabadwe mpaka nthawi ya Aroma. Nalo lili ndi zipsera zake: pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a ku kampu ya Park Hall ankaphunzirira pamenepo kukumba ngalande zankhondo, ndipo m'kati anawononga kwambiri. Lero limasamalidwa ndi bungwe la English Heritage, ndipo palibe amene angalikhudze.

Mkangano wake ndi wa minda ya m'munsi. Mu 2015 khonsolo ya Shropshire inavomereza pulani yomwe inapatula malo omangapo nyumba 117 chakumwera chakum'mawa kwa phirilo, mamita mazana ochepa kuchokera pa mitumbira. Anthu a m'deralo anapanga gulu lotchedwa Hands Off Old Oswestry Hillfort, anasonkhanitsa masiginecha zikwizikwi, akatswiri otchuka analemba makalata, ndipo ankakonza masiku oti anthu agwirane manja paphiripo posonyeza kulikumbatira. Mfundo yawo inali yoti linga si mitumbira yokha. Analimanga kuti lizioneka patali ndiponso kuti lizionera patali, ndipo pansi pa minda yozungulirayo pali njira, minda ndi midzi ya anthu omwewo. Lamulo la 1979 limateteza zomwe zili m'kati mwa mzere wa pamapu. Za kunja kwa mzerewo zimakambidwa pa malamulo a zomangamanga, komwe kukongola kwa malo kumayesedwa pasikelo imodzi ndi kusowa kwa nyumba. Atakokanakokana kwa zaka, mu July 2023 makhansala anavomereza nyumba 83.

Titaima pamwamba ndinawalozera amuna anga mbali imeneyo n'kuwafotokozera zonsezi ndi mtima wowawa. Iwo amagwira ntchito usiku ku Brackmills, dera la makampani ku Northampton, kunyamula makatoni, ndipo anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Amake mwana, ife tikukhala m'chipinda chimodzi ndi theka. Khoma la kubafa likuchita nkhungu. Amene akukana nyumbawo amagona kuti?"

Ndinalibe yankho lachangu, chifukwa akunena zoona. Aliyense wa ife amene wafunafunapo nyumba ya lendi kuno akudziwa mzere wa anthu pakhomo limodzi, ndi mmene lendi imakwerera chaka ndi chaka malipiro ali pomwepo. Akudziwanso kuti m'dziko muno paliponse pomwe afuna kumanga pamapezeka chifukwa chokanira: apa pali achule osowa, apa pali mtengo wakale, apa magalimoto achuluka. Nthawi zambiri okanawo ndi anthu amene anagula nyumba zawo kalekale, zotchipa, pa munda womwe nawonso wina ankaukonda. Mayi wa magolovesi uja, yemwe amayi anam'tamanda, amakhala m'nyumba yomwe inamangidwa pa minda yozungulira Hunsbury. Chomwe a ku Oswestry akuchiopa, kwathu kuno chinachitika kale, ndipo m'nyumba zomwezo ndi momwe munatuluka anthu odula minga m'ngalande. M'momwemonso munatuluka anyamata a panjinga.

Komabe ine mbali yanga ndinasankha. Ndinaima pa Hunsbury ndipo ndinaima pa Old Oswestry, ndipo kusiyana kwake sikufuna katswiri. Pa Hunsbury mitengo ndi madenga zinatseka maso, moti munthu akhoza kukhala m'tauni muno zaka zambiri osadziwa kuti ndi linga. Pa Oswestry ngakhale mwana amaona yekha chifukwa chomwe anthu anasankhira phiri limeneli. Nyumba 83 sizithetsa vuto la nyumba ku Shropshire, ndipo minda ina yomangapo ilipo, pomwe phiri la mitumbira 7 ndi lomwelo basi. Ndikanakhala khansala ndikanakana. Koma tsiku lomwelo ndikanawaitana onse ogwirana manja aja n'kuwapatsa mapu, kuti aloze munda wina m'tauni yawo momwemo womwe avomere kuti pamangidwe, ndipo asatuluke m'chipindamo asanaloze.

Amuna anga akuti ndikulankhula chonchi chifukwa si ine amene ndimayankha foni ya landilodi mwezi ukatha.